Kabuleta ku Bvumbwe, Injini kwa Khwethemule

Tsiku limenelo kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inatsika kuphiri n'kuphimba minda yonse ya tiyi, moti mitengo ya bulugamu ya kuseri kwa nyumba sinkaoneka n'komwe. Sinali mvula yeniyeni, kanali kamvula kaja konyowetsa munthu iye osadziwa, ndipo madzi ankangodontha pang'onopang'ono kuchokera pamalata. Kutsidya kwa mtsinje anthu a pa esiteti ankadulira tiyi. Ndinkamva zikwanje zikugunda nthambi, wina akuimba, kapitawo akukalipa. Kenako mluzu wa ku fakitale unalira. Ine sindinapite kuntchito, chifukwa linali tsiku loti abale a malemu akazi anga adzandisudzule.

Ndinali pakhonde, nditayala thumba patebulo, ndikumangirira kabuleta pa injini ya kandege.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu wekishopu ya esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kukonza makina ochekera mitengo ndi mapampu opopera mankhwala. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ndinakwatira kwa Khwethemule, ndipo monga mkamwini aliyense ndinamanga nyumba pamalo a kuchikazi. Mulungu sanatipatse mwana. Pa esitetipo panali bwana wina wachizungu amene anali ndi tindege toseweretsa, koma touluka zenizeni, iye ali pansi atagwira bokosi la mlongoti wautali. Ankakonda kuulutsa tindegeto Lamulungu pabwalo la mpira, ife tili m'tchalitchi, ndipo phokoso lake linkalowa pawindo pakati pa ulaliki. Tsiku lina kamodzi kanawomba mtengo wa bulugamu. Phiko linathyokathyoka, kabuleta inasweka pakhosi. Pamene bwanayo ankabwerera kwawo, zaka zoyambirira za matipate, anandipatsa zotsalazo mu katoni pamodzi ndi bokosi loyendetsera, nati ngati ndikufuna ndikasonkhere moto.

Sindinasonkhere moto. Ndinkati ndikaweruka ndimakhala pakhonde n'kumasema nthiti za phiko kuchokera ku matabwa opyapyala a mabokosi akale a tiyi. Poyamba akazi anga ankangondiseka.

"Anzanu akumanga makola a nkhumba," ankatero, "inu mukumanga khola la mphepo."

Koma phiko litayamba kuoneka, lalitali kuposa manja anga otambasula, anatulutsa nsalu yawo yopyapyala ya buluu imene ankasungira diresi, n'kuisokerera pa nthiti iliyonse ndi singano ya pamanja. Ankasoka motithana kwambiri, moti kuti uone ulusi unkachita kuyandikira. Ine ndinapaka vanishi mpaka nsaluyo inakungika ngati ng'oma. Kuyambira pamenepo kandegeko sikanalinso kanga ndekha. Anayamba kukatchula kuti mwana wathu.

"Abambo, mwana wathuyu adzayenda liti? Anzake anayamba kale sukulu."

Chimene chinatichedwetsa ndi kabuleta. Za m'makina a kuntchito zinali zazikulu. Akazi anga, amene ankapita ku Limbe kukagulitsa nthochi, anamanga yosweka ija pa mpango n'kumayenda nayo m'mabenchi a ogulitsa zitsulo zakale, kufananiza. Anyamata a mumsika ankawafunsa ngati ali ndi minibasi. Tsiku lina anabwera nayo, yochokera pa makina odulira udzu, yolingana ndendende. Nthawi imeneyo n'kuti atayamba kale kudwala. Anaiika patebulo n'kukhala pansi, akupuma movutikira.

"Ine sindifuna zambiri," anatero. "Ndingomumva akulira, ndimuone akudutsa pamwamba pa tiyi, basi."

Ndinawalonjeza. Koma miyezi yotsatira inathera m'njira ya kuchipatala, ndipo katoni ija inakhala pansi pa bedi. Anatisiya nthawi yokolola chimanga. Titameta, ndinatulutsa katoni. Manda a mudziwo ali pamtunda, moyang'anizana ndi minda ya tiyi, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ndisanachoke pamudzipo kandegeko kauluke kamodzi kokha pamwamba pa mindayo. Zonse zinali zitatha. Injini ndinali nditaitsuka, phiko lili chikonzekere, mabatire a bokosi ndinali nditagula. Kunatsala kumangirira kabuleta, ndipo n'chifukwa chake ndinalawirira m'chiperoni muja.

Ntchito yake si yaikulu, koma siifuna munthu wothamanga. Pakamwa pa injini umayamba waika gasiketi, kapepala kolimba kodulidwa bwino. Pamwamba pake pamabwera kachidutswa kakuda kotchinga kutentha, kuti petulo asawire mu kabuleta. Kenako gasiketi ina, kenako kabuletayo. Pa zonsezi pali kabowo kakang'ono ngati diso la singano, ndipo mabowowo ayenera kuyang'anana kuyambira pa injini mpaka mu kabuleta. Injini imapumira pamenepo, ndipo mpweya wakewo ndi umene umagwedeza kachikopa ka mkati kamene kamakoka petulo. Ukatembenuza gasiketi imodzi, ngakhale upukuse pulopela mpaka dzanja litupe, injini siilira. Pomaliza pali mabawuti awiri, ndipo umamanga mosinthanasinthana, ili pang'ono, ilo pang'ono, kuti kabuleta ikhale mosapendekeka.

Ndinali nditalowetsa bawuti loyamba, lachiwiri lili m'manja, pamene ndinamva "Odi" kumpanda.

Anali anayi. Patsogolo panali amalume awo a akazi anga, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu, munthu wokalamba, wosamva bwino, amene ankaopa chiperoni kuposa china chilichonse chifukwa cha chifuwa chawo. Pambuyo pawo panali alamu anga aakulu, mlimi wa pamudzi pomwepo, alamu aang'ono, amene ankagulitsa tomato pamsewu ku Bvumbwe, ndi mlamu wanga wamkazi, mng'ono wa malemu. Nkhoswe ya kwathu inalephera kubwera, ulendo ndi wautali.

"Alamu, musavutike, pitirizani uinjiniya wanu," anatero alamu aang'ono.

Koma ine n'kuti nditaimirira kale. Munthu sungapitirize kupota bawuti nkhoswe ili chiimire pamvula. Ndinaika bawutilo patebulo, ndinakatenga mipando, ndinawapatsa moni mmodzimmodzi.

Mwambo wa kusudzula sindiunyoza. Kwathu ku Ntchisi uliponso. Mkazi akamwalira, abale ake amamasula mwamuna kuti apite, ndipo katundu wa malemu amapita ku mbumba yake. Ndinkadziwa kuti nyumba itsala, ndipo sindinadandaule, ngakhale njerwa zake ndinaumba ndi manja angawa. Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo, ndipo wanga sunakulepo. Chimene ndinali ndisanaonepo ndi kagawidwe ka banja limeneli. Kwa iwo chilungamo chinali milu. Nyumba iliyonse ya mbumba inkayenera kunyamula mulu wolingana ndi wa inzake, ndipo amalume anali ndi lamulo lawo limodzi lokha, limene ananena atangokhala pansi:

"Chomangika ndi chimodzi. Chomasuka ndi china."

Katundu anatulutsidwa pakhonde. Alamu aang'ono ndiwo ankaunjika, poti kuunjika milu ndiyo inali ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Ankagwada, kuyang'ana mulu uwu, kuyang'ana uwo, kuchotsa supuni apa kuika apo, monga amachitira ndi tomato akaona galimoto ikuima. Khasu ndi mpini wake chinali chimodzi. Poto ndi chivundikiro chake zinali ziwiri, ndipo poto anapita kwina, chivundikiro kwina. Atafika pa makina osokera, anamasula lamba n'kuona kuti mutu wa makina umanyamuka. Mutu unapita kwa mlamu wanga wamkazi, miyendo yopalasira inapita kwa alamu aakulu. Mpaka lero sindikudziwa kuti ndani mwa awiriwo anasokapo kanthu. Ndinkaganiza kuti za patebulo sazikhudza, poti zinali zoseweretsa za mkamwini, zimene akhala akuziseka zaka zonsezi.

"Nanga izi?" anafunsa alamu aakulu, akuloza ndi chibwano.

"Izi ndi zanga, alamu. Anandipatsa ndi bwana wa kuntchito."

"Nsalu iyi anakupatsani ndi bwana? Ulusi uwu anasoka ndi bwana?"

"Ndi kachitsulo aka," anawonjezera aang'ono, "alongo athu anakagula okha ku Limbe. Anatiuza. Ndi thukuta la nthochi limeneli."

Sananame. Akazi anga ankanyadira kabuleta ija ndipo anauza mudzi wonse. Ndinavomera kuti ndi zoona.

Atatuwo anatembenukira ku Chilomwe, monga ankachitira akafuna kuti ndisamve. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo, ndikulira nawo maliro, ndikufolera nawo nyumba, sanaganizepo kuti makutu anga angatoleko kanthu. Ndinamva zonse. Aakulu ankati injiniyo akaimanga pa njinga, izipita yokha kwa Goliati. Aang'ono ankati pa makina alionse kachinthu kakang'ono ndi kamene kamadula, kabuleta ndiye mtima, zinazo ndi zikopa chabe. Wamkazi ankafuna bokosi la mlongoti, ankati kunyumba kwake kulibe wailesi.

Alamu aang'ono anagwira kabuleta ndi zala ziwiri n'kuigwedeza. Inagwedera, poti inali pa bawuti limodzi losamanga.

"Amalume, taonani. Chikugwedera ichi."

"Ati chiyani?"

"Ndati chikugwedera. N'chomasuka."

"Ngati n'chomasuka ndi china," anatero amalume, akukokera jekete pakhosi.

Apa ndinayankhula. Ndinati, "Amalume, latsala bawuti limodzi, ndi ili patebulopa. Ndinalisiya kuti ndikutengereni mpando. Ndiloleni ndimange. Mukatero tengani ndege yonse, mupatse aliyense amene mungagwirizane, ine sindikuikaniza. Koma isagawidwe, chifukwa ikagawidwa palibe amene apeze kanthu. Ndipo ngati n'kotheka iuluke kaye kamodzi. Ndinalonjeza alongo anu."

Alamu aakulu anaseka. "Alamu, malemu ali kumwamba kale. Ndege akaitani?"

Onse anaseka, ngakhale amalume, amene sindikhulupirira kuti anamva.

"Komanso mukamanga tsopano ndiye kubera," anatero aang'ono. "Katundu amawerengedwa mmene tamupezera."

Anapota bawuti ndi zala n'kuzula kabuleta ngati akuthyola tomato. Kachidutswa kakuda kaja kanagwera pansi m'matope a m'mphepete mwa khonde, ndipo palibe anakayang'ana. Phiko linkagwidwa ndi malamba a chubu cha njinga, choncho nalonso linali lomasuka. Injini ndinali ndisanaibwezere pathupi la ndege. Motero alamu aakulu anatenga injini ndi phiko, aang'ono kabuleta, wamkazi bokosi. Thupi ndi pulopela anandisiyira ine, ati ndi matabwa chabe, ndipo si bwino mkamwini apite chimanjamanja anthu angawanene.

Kenako amalume anandipatsa ufa m'mbale n'kunena mawu a mwambo, kuti andimasula, ndipite, ndikafuna ndikakwatire. Anafulumira, chifuwa chinali chitayamba. Nditawaperekeza ndinabwerera pakhonde, ndinatola kachidutswa kaja, ndinakapukuta n'kukaika m'thumba la jekete.

Esiteti inandipatsa chipinda kukomboni, pafupi ndi fakitale. Ndinasamuka ndi njinga, Baibulo, zovala ndi thupi la ndege nditalimanga pakaliyala. Ndinalipachika kudenga, lopanda phiko, lopanda injini, ngati nsomba youma. Kutchalitchi ndinkapita monga kale, koma Mgonero ukafika ndinkakhala kumbuyo osadya nawo. Abusa anandifunsa, ndipo ndinawauza kuti mtima wanga sunakonzeke. Sanandikakamize.

Nkhani za alamu anga zinkandipeza zokha, poti othyola tiyi ambiri ankachokera kumudzi komweko. Ndinamva kuti aakulu anamangirira injini pa njinga ndi mawaya, n'kumathira petulo pakamwa pake ndi botolo, akupalasa kutsika mtunda kuti ilire. Inawalavulira petulo pathalauza, basi. Aang'ono anaika kabuleta pabenchi ku Bvumbwe, pambali pa tomato ndi anyezi. Aliyense woima ankafunsa kuti injini yake ili kuti, ndipo iwo ankayankha kuti ili kwa Khwethemule. Wogula ankaseka n'kugula tomato. Kenako awiriwo anayambana. Wamkulu ankati wamng'ono abweretse kachitsulo kake, wamng'ono ankati wamkulu ndiye abweretse chitsulo chake, ndipo anasiya kuyankhulana mpaka pamaliro ankakhala motalikirana. Anthu awiri akuluakulu, a ndevu zawo, wina akusunga mtima wina akusunga chifuwa, aliyense akudikira kuti mnzake afooke.

Mvula yoyamba itagwa, tiyi ataphukira, Loweruka lina masana ndinawaona akubwera kukomboni, onse awiri, akukankha njinga imodzi. Chimene chinawayanjanitsa sichinali chibale. Munthu wina wa ku Limbe anali ataona kabuleta pabenchi paja n'kunena kuti angagule zonse pamodzi ngati atamva injini ikulira.

"Alamu, mwatitaya," anatero aakulu. "Munthu osabwerako n'kudzationa."

"Munandimasula, alamu."

"Aaa, kumasula kwa mwambo chabe. Chibale sichitha."

Ndinawapatsa mipando. Anamasula thumba n'kutulutsa injini. Anali atayesa okha kumangirira kabuleta. Gasiketi anadula ku chubu cha njinga, yokhuthala, yopanda kabowo kaja. Bawuti limodzi linali lija langa, linalo analichotsa pa madigadi a njinga n'kulikakamiza ndi pulayazi mpaka linalowa chopendekeka. Kabuleta yenyeniyo anaiika chadodolido, mkono wake wa moto utaloza pansi. Mkati munali fumbi la msewu wa Bvumbwe ndi nyerere zakufa.

"Tapukusa mpaka manja atupa," anatero aang'ono. "Mwina munatipatsa yakufa."

"Ndinakupatsani ine?"

Anayang'ana kudenga, kumene kunali thupi la ndege.

Ndikanatha kuwauza kuti inafadi, iwo n'kubwerera nayo kukaitaya kudzala. Koma akazi anga anayenda ndi kachitsulo kameneka pa mpango akudwala, ndipo anati angomumva akulira. Theka la lonjezo linali patebulo panga. Ndinafunsa za theka linalo.

"Bokosi lija lili kuti?"

Aang'ono anaseka. "Musatikumbutse. Achemwali anapotokola timitengo tonse tija kufuna nyimbo, osamva kanthu. Anati mwina mlongoti ndi waufupi, n'kuukoka mpaka unazuka. Mabatire anaika mu tochi. Bokosilo pano akusungiramo mbewu ya mpiru."

"Nanga phiko?"

"Phiko lilipo," anatero aakulu. "Likugwira ntchito yabwino kwabasi. Tiyeni tiyambe ndi injiniyi."

Ndinatsitsa thupi la ndege kudenga. Ndinamasula zonse zimene anamanga, chubu chija ndinaponya pansi. Kabuleta ndinaitsegula, ndinaitsuka ndi petulo m'chitini, ndinapemerera timabowo take. Kachikopa ka mkati kanali kataumirako koma kosang'ambika. Bowo limene analowetsamo bawuti la madigadi ndinalikonza pang'onopang'ono mpaka bawuti loyenera linayamba kuyenda. Magasiketi ndinadula atsopano pa chikuto cha katoni yolimba, n'kuboola kabowo ndi singano yamoto. Kenako ndinapisa m'thumba la jekete ya kutchalitchi n'kutulutsa kachidutswa kakuda kaja.

"Kameneko n'kachiyani?" anafunsa aang'ono.

"Kanagwa tsiku lija. Simunakaike pamulu."

"Ndiye kuti n'kathu."

"N'kanu, alamu. Mukatenga."

Ndinaika gasiketi, kachidutswa, gasiketi ina, kabuleta, ndikuyang'anitsa mabowo padzuwa kuti kuwala kudutse. Ndinamanga mabawuti onse awiri, ili pang'ono, ilo pang'ono. Ulendo uno panalibe woti ndimutengere mpando. Injini ndinaibwezera pamphuno ya ndege, ndinalumikiza kapaipi kochokera ku thanki, ndinamanga pulopela. Waya wa moto, umene unkayenera kukokedwa ndi kamota kolamulidwa ndi bokosi lija, ndinautulutsira pambali kuti ndizikoka ndi dzanja. Petulo ndinasakaniza ndi oyilo m'botolo.

Tinatuluka nayo panja. Mchira ndinaumangirira ndi chingwe ku mtengo wa mapeyala, ndipo ndinauza alamu aakulu kuti agwire thupi.

"Siiluma?"

"Kutsogolo imaluma. Inu khalani kumbuyo."

Ndinatseka pakamwa pa kabuleta ndi chala n'kupukusa pulopela mpaka ndinaona petulo akukwera m'kapaipi. Ndinachotsa chala, ndinatenga kamtengo n'kumenya pulopela. Inatsokomola. Ndinamenyanso, inatsokomolanso. Kachitatu inagwira.

Ndinali nditaiwala kuti kanthu kakang'ono chotero kamalira motani. Nkhuku za pakomboni zinabalalika, azimayi anatuluka m'nyumba ndi zipande m'manja. Utsi wabuluu unapita kumbuyo, chipewa cha alamu aakulu chinauluka n'kukagwera m'ngalande, iwo atatsinzina, akugwira ndege ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Ndinakoka waya pang'ono, mawu anakwera. Ndinakokanso, chingwe chinakungika, mtengo wa mapeyala unagwedezeka masamba. Kandegeko kankafuna kupita. Kutsogolo kwake kunali minda ya tiyi yobiriwira mpaka kuphiri, ndipo kankakoka chingwe ndi mphamvu zake zonse, kopanda phiko. Ndinakasiya kalire nthawi yaitali kuposa imene inkafunika. Alamu aang'ono ankandikuwira kuti petulo akutha, koma ndinachita ngati amalume, sindinamve. Kenako ndinatseka pakamwa pa kabuleta ndi chala, ndipo kunakhala zii.

"Yalira," anatero aakulu, akufunafuna chipewa. "Ndinkanena ine kuti injini yanga ilibe vuto."

"Yalira chifukwa cha kabuleta yanga," anatero aang'ono.

Anayambiranso pomwepo. Ine ndinamasula injini pathupi la ndege, kabuleta ili chimangire, n'kuwaikira m'thumba. Ndinawauza kuti chomangika ndi chimodzi, asachimasulenso. Sanaone kuti ndikuwaseka. Anapempha pulopela, ati wogula sangailize popanda iyo. Ndinati atenge, koma andipatse phiko.

"Phiko ndi lovuta, alamu," anatero aakulu. "Nkhunda zinyowa."

Lolemba nditaweruka ndinapempha akapitawo a wekishopu chidutswa cha lata lakale, ndinachimanga pa njinga n'kupita kwa Khwethemule. Aka kanali koyamba kupondako chichokereni. M'nyumba yanga munali mutalowa mwana wa alamu aakulu ndi mkazi wake, ndipo miyendo ya makina osokera inali pakhonde, ataikapo thabwa n'kusandutsa poyanika mbale. Kuseri kunali khola la nkhunda pa mitengo inayi. Denga lake linali phiko lija. Poti linali lalitali kuposa khola, analidula pakati ndi chikwanje n'kugoneka zidutswa ziwirizo mbali ndi mbali, atazitsendereza ndi njerwa.

"Silidontha ngakhale pang'ono," anatero alamu aakulu monyadira. "Alongo athu ankadziwa kusoka."

Ndinakwera pa mtondo, ndinachotsa njerwa, ndinatsitsa zidutswazo. Lata ndinalikhomera bwinobwino, poti nkhunda sizinandilakwire. Buluu uja anali atasuluka ndi dzuwa, pamwamba ponse pali zitosi. Mtanda wa pakati, umene umanyamula ndege yonse, unali utadulidwa, ndipo nthiti zina zinali zitafufuma ndi madzi. Ndinaona ndi maso a ntchito yanga kuti phiko limeneli silidzaulukanso. Ndinapala zitosi ndi chikhadabo pa nthiti imodzi. Ulusi unali pomwepo, wotithana, palibe pamene unamasuka.

Pobwerera ndinadzera kumanda. Sindinalowe, poti mlendo salowa yekha. Ndinaima pamsewu nditagwira njinga, ndikuyang'ana minda ya tiyi kumunsi, n'kunena chamumtima kuti mwana analira, koma kuuluka ayi, ndipo sadzauluka.

Zidutswa ziwirizo ndinazitsuka ndi madzi ofunda n'kuzikhomera pakhoma, pamwamba pa bedi. Thupi lili kudenga. Injini akuti inagulidwa, koma sindinafunse kuti anagawana bwanji. Palibe mmodzi mwa iwo amene anabwera kudzapepesa, ndipo sindikhulupirira kuti mpaka lero akudziwa chimene anadula ndi chikwanje chija. Akakumana nane pamsewu amandipatsa moni wansangala n'kundifunsa ngati ndili ndi ndege ina. Mgonero wotsatira utafika ndinanyamuka kumbuyo kuja n'kukakhala pamodzi ndi anzanga. Ndinawakhululukira.